Mgonero woyenda khomo ndi khomo: mafunso ndi mayankho kwa wophika chakudya chachikulu

Mgonero woyenda khomo ndi khomo umachitika chonchi: mabanja oyandikana amagwirizana kudyera limodzi madzulo amodzi, koma osati pa nyumba imodzi. Zolawa zoyambira amakadyera kwa ena, chakudya chachikulu kwa ena, zotsekemera ndi tiyi kapena khofi kwa enanso, ndipo onse amayenda limodzi kuchoka pa khomo ili kupita pa khomo lotsatira. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amamuvuta munthu amene gawo lapakati lamugwera.

Kodi gawo la chakudya chachikulu limavuta chiyani kuposa magawo enawo?

Limavuta chifukwa wophika nayenso ndi mlendo. Amene akukonza zoyambira amakhala pakhomo pake mpaka anthu atafika, ndiye miphika yake amayiyang'anira mpaka pomaliza. Wa zotsekemera alibe nkhawa yambiri, popeza zambiri mwa izo zimadyedwa zozizira, zimangodikira mufiriji. Koma inu a gawo lapakati mumatseka nyumba yanu n'kupita kukadya zoyambira kwa anzanu, kumene mungakhaleko mphindi 45 kapena ola lathunthu, kenako mumabwerera kwanu gulu lonse likukutsatirani. Njala yake imakhala itakula ndithu, chifukwa zolawa zija zimangoutsa mudyo. Kuyambira potsegula chitseko mpaka poika chakudya patebulo muli ndi mphindi 10 kapena 15 basi.

Choncho posankha chophika yambani ndi funso ili: kodi chakudya chimenechi chingakhale chokha ola lathunthu, popanda wochitakasa, osauma, osapserera, ndiponso osakhala choopsa kwa odya? Chakudya chimene chimafuna kuti muime pa sitovu mphindi zomaliza chisungireni tsiku lina. Cholinga cha madzulo amenewa ndi chakuti anthu oyandikana acheze, ndipo wophika amene wathawira kukhitchini phwando lili mkati wataya chimene anabwerera.

Ndi zakudya ziti zimene zimapirira kuphikidwa tsiku limodzi phwando lisanachitike?

Zimene zimaphikidwa nthawi yaitali pa moto wochepa, zili mumsuzi. Chinsinsi chake chili pa mtundu wa nyama. Nyama ya paphewa, ya pachifuwa cha ng'ombe, ya pamsongolo, nthiti ndi mchira zili ndi mitsempha ndi timinofu tolimba tokhala ndi collagen wambiri. Nyama yotereyi ikaphikidwa pang'onopang'ono kwa maola awiri ndi theka kapena atatu, collagen uja amasungunuka n'kusanduka gelatin. Gelatin ndi amene amachititsa msuzi kuundana ukazizira, ndipo ndi yemweyo amene amateteza nyamayo kuti isaume mukaitenthetsa kachiwiri. Mwamwayi, nyama zimenezi kawirikawiri ndi zotsika mtengo kuposa zofewa zija, zomwe zimathandiza munthu amene akudyetsa anthu 12 kapena 16.

Mayiko ambiri ali ndi mphika wawo wa mtundu umenewu. Ku France kuli boeuf bourguignon, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu vinyo wofiira ndi anyezi ndi bowa, komanso coq au vin, yomwe ndi nkhuku yophikidwa mofananamo. Ku Hungary kuli goulash wa tsabola wa paprika. Ku Morocco kuli tagine, kawirikawiri wa nkhosa kapena nkhuku pamodzi ndi zipatso zouma kapena mandimu osungidwa mumchere. Ku Indonesia kuli rendang, nyama yophikidwa mumkaka wa kokonati mpaka msuzi utatsala pang'ono kuphwa, ndipo kaphikidwe kameneka kamaithandiza kuti isawonongeke msanga. Chili con carne wa ku Texas, yemwe ndi nyama yophikidwa ndi tsabola, ndi makale (curry) osiyanasiyana a ku India nawonso ali m'gulu lomweli. Phewa la nkhumba lophikidwa mu uvuni pa madigiri 150 kwa maola 5 kapena 6, mpaka nyama izinyenyeka yokha ndi foloko, limasungikanso bwino mukalisunga mumsuzi wake.

Ngati mukufuna nkhuku, gulani ntchafu. Ntchafu zili ndi mafuta ndi collagen wokwanira kupirira moto wachiwiri.

Ine ndikapatsidwa gawo limeneli ndimasankha nyama ya paphewa la ng'ombe, yodulidwa nthuli zazikulu, yokazingidwa mpaka itapsa mofiirira kunja, kenako n'kuiphika mu uvuni pa madigiri 150 mpaka 160 mumphika wovundikira. Ndi chakudya chimene chimakhululuka. Alendo achedwe theka la ola, sichisintha.

N'zoona kuti mphika wotere umakoma kwambiri mawa lake, kapena n'kudzitonthoza chabe?

N'zoona, ndipo zifukwa zake zilipo. Nyama ikamazizirira mumsuzi imayamwanso madzi ena amene inataya pophika, pamodzi ndi mchere ndi zokometsera. Ukali wa adyo, anyezi ndi tsabola umachepa, zokometsera zimalowererana. Palinso phindu lina looneka ndi maso: mafuta amakwera pamwamba n'kuundana mufiriji, ndiye m'mawa mumangowachotsa ndi supuni. Musachotse onse, siyaniko pang'ono, chifukwa kukoma kwina kumakhala m'mafutamo. Komanso nyama yaikulu, monga ya pachifuwa cha ng'ombe, imadulika bwino yozizira. Yotentha imangonyenyeka.

Nanga zimene ndisayerekeze n'komwe kuphikiratu ndi ziti?

Siteki, nsomba, nyama ya pachifuwa cha nkhuku, ndi chilichonse chokazinga m'mafuta ambiri. Siteki ndi nsomba zimapsa pa mphindi zowerengeka, ndipo moto wachiwiri umazipitiriza kupsa mpaka kuuma. Chifuwa cha nkhuku chilibe mafuta ochitchinjiriza. Zokazinga, monga tchipisi kapena nkhuku yopaka ufa, zimalefuka ndi nthunzi zikangovundikiridwa. Risotto, yemwe ndi mpunga wa ku Italy wophikidwa mumsuzi, ndi pasta wosakaniza ndi msuzi mupoto zimayamwa madzi onse zikakhala, n'kusanduka phala lolimba.

Kodi lasagne ndi zakudya zina za muthireyi zili bwino?

Zili bwino kwambiri, makamaka ngati muli ndi uvuni wodalirika. Lasagne wa ku Italy, yemwe ndi pasta wosanjikizana ndi msuzi wa nyama ndi tchizi, moussaka wa ku Greece wopangidwa ndi mabiringanya ndi nyama yogaya, ndi cottage pie wa ku Britain, yemwe ndi nyama yogaya yovundikiridwa ndi mbatatesi yosinja, zonsezi mutha kuziyala muthireyi tsiku lapitalo n'kuziika mufiriji zisanalowe mu uvuni. Dikirani msuzi wa nyama uzizire musanayale, kuti thireyi isalowe mufiriji ili yofunda pakati.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amaiwala. Choyamba, thireyi yochokera mufiriji imatenga nthawi yaitali: lasagne amene amapsa pa mphindi 40 kapena 45 pa madigiri 180 adzafuna mphindi 10 mpaka 20 zoonjezera, ndipo mathireyi awiri mu uvuni umodzi amachedwanso kuposa imodzi. Muvundikireni ndi foil poyamba, n'kuchotsa foil uja chakumapeto kuti tchizi afiirire. Chachiwiri, mbale yagalasi yozizira kwambiri ikhoza kusweka mukailowetsa mu uvuni wotentha kale, choncho ngati mudzachokera mufiriji kupita molunjika pa moto, gwiritsani ntchito thireyi yachitsulo. Chachitatu, lasagne amafuna kupuma mphindi 15 kapena 20 atatuluka mu uvuni, apo ayi amamwazika podula. Pa phwando lotereli kupumako kumakuthandizani, chifukwa ndiyo nthawi imene alendo akulowa, kupeza mipando ndi kuthira zakumwa.

Ndiphike zochuluka bwanji? Ndikuopa kuchita manyazi chakudya chikapereŵera.

Anthu ambiri amaphika zochuluka mopitirira, chifukwa amaiwala kuti alendo adya kale kwina ndipo akukadyanso kwina. Pa mgonero wamba munthu mmodzi amamuwerengera magalamu 200 a nyama yaiwisi yopanda fupa. Pa phwando loyendayenda magalamu 150 amakwana, bola mumphikamo mukhale ndiwo zamasamba, karoti, bowa kapena nyemba, ndipo pambali pakhale chodyera. Ndiye kwa anthu 12 gulani makilogalamu awiri, ndipo pang'ono patsala. Nyama ya fupa iwerengereni mochulukirapo: ntchafu ya nkhuku imodzi yaikulu kwa aliyense, n'kuonjezera zinayi kapena zisanu za amene angafune kubwereza. Phewa la nkhumba limachepa kwambiri pophika, nthawi zina mpaka pafupifupi theka, choncho pamenepo musaumire.

Mpunga wouma magalamu 60 pa munthu ndi wokwanira. Thireyi ya lasagne ya masentimita 23 m'lifupi ndi 33 m'litali imatulutsa magawo 8 aakulu, kapena 10 mpaka 12 a msinkhu woyenera phwando lotereli.

Funsaninso a zoyambira kuti akonza chiyani. Ngati kwawo kudzakhala tchizi wambiri ndi buledi, inu musabwerenso ndi lasagne wodzaza tchizi. Ngati a zotsekemera akonza keke yolemera ya chokoleti, chanu chikhale chopepukirako. Uthenga umodzi wa pafoni umathetsa nkhani imeneyi.

Ndiyambe kuphika liti? Kodi ndingaphike sabata yathunthu phwando lisanafike?

Tsiku limodzi phwando lisanachitike ndiye nthawi yabwino. Masiku awiri ndi zotheka. Unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, umati chakudya chophika chikhoza kukhala mufiriji masiku atatu kapena anayi, pamene bungwe loona za chitetezo cha chakudya ku Britain, Food Standards Agency, limalangiza kudya zotsala pasanathe maola 48. Podyetsa anthu ambiri, mwina pakati pawo pali okalamba, ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, ine ndimatsatira malire aafupiwo. Firiji yanu izikhala pa madigiri 5 kapena kutsika pamenepo.

Ngati sabata ya phwando mudzakhala otanganidwa, phikani kale n'kuika mufiriza pa madigiri 18 pansi pa ziro. Nyama ya mumsuzi, chili con carne ndi lasagne zimasungika bwino miyezi iwiri kapena itatu osataya kukoma. Koma mbatatesi zodulidwa zimasanduka zamadzimadzi zikaundana, ndipo kirimu, yogati ndi mkaka zimalekana ndi msuzi, choncho zimenezi muzidzaziika pa tsiku lotenthetsa. Posungunula, tsitsirani mufiriji, osati kusiya patebulo. Chidebe chachikulu chimatenga tsiku lathunthu, nthawi zina awiri. Anthu ambiri amadzidzimuka pa tsiku la phwando atapeza pakati pa thireyi padakali gwa, ndiye chitulutseni mufiriza masiku awiri phwando lisanafike.

Ndamaliza kuphika usiku, mphika ndi waukulu. Kodi sindingausiye pa sitovu mpaka m'mawa, popeza mawa ndidzautenthetsa?

Ayi, chonde musatero. Pa zonse zimene zalembedwa pano, ili ndi yankho limene ndikufunitsitsa kuti muligwire.

Kuphika kumapha mabakiteriya ambiri, koma ena amapanga timbewu tolimba timene timapulumuka ngakhale madzi atabwata. Mmodzi mwa iwo ndi Clostridium perfringens, amene amakonda kwambiri miphika yaikulu ya nyama ndi msuzi, chifukwa pansi pa mphika wotere palibe mpweya wambiri ndipo pamakhala pofunda nthawi yaitali. Chakudya chikamazizira pang'onopang'ono, timbewu tija timadzuka n'kuyamba kuchulukana. Malo oopsa ndi pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo pa madigiri 43 mpaka 47 bakiteriya ameneyu amatha kuwirikiza chiwerengero chake m'mphindi zosakwana 20. Mphika wa malita 8 wovundikira ukhoza kukhala wofunda pakati kwa maola ambiri, ngakhale utaikidwa mufiriji. Chakudyacho sichinunkha, sichisintha mtundu, ndipo chimakoma bwinobwino. Odya amayamba kupotokola m'mimba ndi kutsegula patapita maola 6 mpaka 24. Pa phwando la anthu oyandikana zikutanthauza kuti mabanja onse a mumsewu wanu adwala tsiku limodzi.

Malamulo a malo odyera ku America amafuna kuti chakudya chitsike kuchoka pa madigiri 57 kufika 21 m'maola awiri, kenako kufika pa madigiri 5 m'maola anayi otsatira. Kunyumba lamulo losavuta ndi lakuti chilowe mufiriji pasanathe maola awiri chichokereni pa moto. Kuti zimenezi zitheke, chichotseni mumphika. Chigaweni m'mathireyi kapena m'zidebe zosazama, chakudya chisapitirire masentimita 5 kuya kwake. Ngati mukufuna kufulumira, ikani mphika musinki yodzaza madzi ozizira ndi madzi oundana, muzitakasa mphindi zingapo zilizonse ndi kusintha madziwo akafunda. Nyama yaikulu iduleni pawiri kapena panayi. Mufiriji musasanjikize zidebe zofunda, zitalikitseni kuti mphepo yozizira izidutsa, ndipo zivundikiro muzitseke bwino chakudya chitazizira.

Ntchito imeneyi imatenga theka la ola, ndipo imabwera pamene mwatopa kale. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kuphika masana kapena chakumadzulo, osati 8 koloko usiku.

Ndidzatenthetsa bwanji pamene ine ndili ku nyumba yoyamba?

Tenthetsani musanachoke. Anthu ena amaganiza zongoika mphika wozizira mu uvuni wa moto wochepa n'kunyamuka, kuti akadzabwera apeze watentha. Njira imeneyi imasiya chakudya nthawi yaitali pa kufunda koopsa kuja, ndipo mukhoza kupeza pakati padakali pozizira alendo atakhala kale pansi. Kutenthetsa ndi kusunga motentha ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba imafuna moto wamphamvu ndi inuyo muli pomwepo. Yachiwiri ndi imene ingachitike inu mulibe.

Tiyerekeze kuti zoyambira zikuyamba 6 koloko madzulo ndipo gulu lidzafika kwanu 7 koloko. Cha m'ma 4:30 tulutsani chakudya mufiriji, chotsani mafuta apamwamba, thirani madzi kapena msuzi pang'ono chifukwa chimakhala chitalimba, n'kuchiika pa moto wapakatikati. Muzitakasa kuchokera pansi kuti chisapserere, koma mofatsa kuti nyama isanyenyeke. Chifike pa madigiri 74 kapena 75 pakati penipeni, msuzi ukubwata. Mphika wa anthu 12 umatenga mphindi 30 mpaka 45 pa sitovu, ndipo mu uvuni wa madigiri 160 umatenga pafupifupi ola kapena kuposa. Kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya ndi kotsika mtengo ndipo kamachotsa zongoganizira. Kalowetseni pakati pa nthuli yaikulu, osati m'mphepete mwa mphika.

Cha m'ma 5:45 chikhale chitatentha bwino. Tsopano chisungeni pamwamba pa madigiri 60, ndipo ku Britain malire ake amaika pa 63. Uvuni woikidwa pa madigiri 80 mpaka 90, mphika uli wovundikira, umachita zimenezi bwino. Mphika wamagetsi uja wotchedwa slow cooker nawonso umasunga motentha, bola muutenthetse kaye ndipo muthiremo chakudya chotentha kale. Sunapangidwire kutenthetsa chakudya chochokera mufiriji, umachedwa kwambiri. Ngati mulibe zonsezi, mphika wolemera wochotsedwa pa moto ukubwata, wokutidwa ndi matawulo n'kuikidwa mubokosi losungira zozizira lopanda madzi oundana, umasunga kutentha ola limodzi kapena awiri popanda moto uliwonse. Muyeze mukafika, ndipo ngati watsika, ubwatitseninso.

Pa nkhani ya moto ndilankhule mosabisa. Sitovu ya gasi, makala kapena moto uliwonse wa lawi musausiye nyumba ili yopanda munthu. Ngakhale uvuni wamagetsi ndi bwino pakhale wina wouyang'ana. Mabanja ambiri amagawana: mmodzi amachoka ku nyumba yoyamba mphindi 15 gulu lisananyamuke, n'kukaona miphika, kuwiritsa madzi ndi kutenthetsa mbale. Nyumba zili pafupi, ndiye palibe amene amataya zambiri. Uzani a nyumba yoyamba pasadakhale kuti asadabwe mukamatuluka.

Ngati ndi lasagne wosapsa, muphikeni mpaka atapsa musanachoke, kenako tsitsani uvuni pa madigiri 80 mpaka 90 n'kumuvundikira ndi foil.

Nanga mpunga ndi zodyera zina? Kodi nazonso ndiphikiretu?

Mpunga umafuna chisamaliro chapadera. Mumpunga wouma mumapezeka timbewu ta bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, timene timapulumuka pophika. Mpunga wophika ukakhala wofunda nthawi yaitali, bakiteriyayu amatulutsa poizoni amene safa ndi moto, ndiye kuutenthetsanso sikuthandiza. Odya amayamba kusanza patangopita maola ochepa. Malangizo a ku Britain amati mpunga uzizire n'kulowa mufiriji pasanathe ola limodzi, usakhalemo kupitirira tsiku limodzi, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha mpaka ukutulutsa nthunzi ponseponse. Njira yosavuta ndi kuuphika pa tsiku lomwelo mumphika wamagetsi wa mpunga musanapite ku nyumba yoyamba, n'kuusiya pa batani losunga kutentha.

Couscous, timibulu ting'onoting'ono ta ufa wa tirigu, ndi mnzake wabwino wa wophika wa gawo limeneli: mumangothira madzi owira, kuvundikira mphindi 5, n'kumumasula ndi foloko. Buledi wabwino safuna ntchito iliyonse. Mbatatesi yosinja imapirira kuphikidwa tsiku lapitalo mukaikamo batala ndi mkaka wokwanira, n'kuitenthetsa muthireyi yovundikira. Saladi ya masamba itsukeni ndi kuiumitsa masana, koma mafuta ndi viniga muthire pomaliza. Koma saladi ya kabichi ndi karoti imakoma ikakhalitsa mu viniga.

Pakati pa alendo pali osadya nyama, ena ali ndi zakudya zimene zimawadwalitsa. Ndichite bwanji?

Funsani msanga, phwando likangokhazikitsidwa, ndipo funsani mwachindunji: pali amene sadya nyama, pali amene chipembedzo chake chimaletsa nkhumba kapena mowa, pali amene thupi lake limadana ndi chakudya china? Zakudya zimene zimadwalitsa anthu ambiri motere ndi mtedza, mkaka, mazira, nsomba, nkhanu ndi zinzake, tirigu, soya ndi chitowe. Zina zimabisala. Sosi wa Worcestershire kawirikawiri amakhala ndi nsomba, sosi wa soya nthawi zambiri amakhala ndi tirigu, ndipo ufa umene mwapaka nyama musanakazinge nawonso ndi tirigu. Werengani zolembedwa pa botolo ndi pa timapaketi ta zokometsera, ndipo chakudya cha munthu wotere chikhale ndi chipande chakechake.

Za vinyo, anthu ambiri amakhulupirira kuti mowa wonse umauluka pophika. Sizili choncho. Ziwerengero za USDA zimaonetsa kuti chakudya chikabwata mphindi 30, pafupifupi 35 peresenti ya mowa imakhalabe, ndipo ngakhale patapita maola awiri ndi theka pamatsala pafupifupi 5 peresenti. Ngati pali wina amene sakhudza mowa, muuzeni zoona, kapena phikani ndi msuzi wa nyama, tomato ndi viniga pang'ono.

Kwa osadya nyama, musawapatse saladi ndi mpunga basi pamene ena akudya chakudya chimene munachikonzekera masiku awiri. Nawonso ndi alendo anu. Kale (curry) wa tchana ndi mabiringanya, chili wa nyemba, dal (ndiwo za mphodza za ku India), kapena lasagne wa sipinachi ndi bowa, zonsezi zimakoma mawa lake monga momwe nyama imachitira. Phikani zochulukirapo, chifukwa odya nyama nawonso amatapako. Chenjezo limodzi pa nyemba zofiira zouma: zili ndi poizoni wachilengedwe amene amafa pokhapokha zitabwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 mutaziviika kale. Moto wa slow cooker sukwanira, choncho zibwatitseni kaye pa sitovu, kapena gwiritsani ntchito za m'chitini.

Uvuni wanga ndi waung'ono ndipo tebulo silikwana anthu onse. Ndikane gawoli?

Musakane. Gawo lapakati ndi lolemera pa ntchito ndi pa ndalama, ndipo magulu ambiri amaligawa pawiri: banja limodzi limapereka nyumba ndi chakudya chachikulu, lina limabweretsa zodyera ndi saladi. Gulu likapitirira anthu 12 kapena 14, lingathe kugawikana n'kudya chakudya chachikulu pa nyumba ziwiri, n'kudzakumananso onse pa zotsekemera. Ngati anthu adzadya mbale ili pamiyendo, sankhani chakudya chodyeka ndi foloko kapena supuni yokha, chopanda mafupa ndi chosafuna mpeni. Chili con carne, kale wa ku India ndi nyama yonyenyeka zimayenera pamenepa.

Kodi chakudya chophikiratu sichioneka chotopa patebulo?

Chikhoza kutero mukangochitenthetsa n'kuchipakula. Usiku wa mufiriji umafatsitsa zokometsera, ndipo mtundu wake umaderako. Mankhwala ake ndi osavuta, koma amafuna kuti mulawe chakudyacho chitatentha, osati chozizira. Kawirikawiri chimene chimasowa ndi kanthu kowawasa: madzi a mandimu kapena supuni imodzi ya viniga zimadzutsa mphika wonse. Mchere muuone pomaliza, popeza msuzi umachepa potenthetsa ndipo mchere umamveka kwambiri. Ndiye pophika tsiku loyamba thirani mchere mochepekera.

Masamba onunkhira monga parsley ndi coriander muwadule masana n'kuwasunga mufiriji, muwawaze pamwamba popakula. Nsawawa zobiriwira, sipinachi ndi ndiwo zina zosachedwa kupsa ziloŵe mphindi zomaliza kuti zisataye mtundu. Bowa ndi tianyezi tating'ono ta boeuf bourguignon zimakoma mukazikazinga padera n'kuziika potenthetsa. Kanthu kokukuta m'kamwa, kaya anyezi wokazinga kapena nyenyeswa za buledi zokazinga, kamasintha chakudya chofewa chokhachokha. Ndipo tenthetsani mbale zodyera, chifukwa mbale yozizira imaziziritsa msuzi anthu asanayambe n'kudya.

Alendo anyamuka kupita ku zotsekemera, chakudya chatsala chambiri. Ndichisiye ndidzaone pobwera?

Pobwera pakhoza kukhala patadutsa maola atatu, chifukwa nyumba yomaliza ndi kumene anthu amakhalitsa. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32 malire ake ndi ola limodzi. Konzeranitu zidebe zosazama ndi malo mufiriji phwando lisanayambe. Gulu likamanyamuka, tsalirani mphindi 5, gawani zotsalazo m'zidebemo, lowetsani mufiriji, zimitsani uvuni, ndipo mbale zakuda zidikire mawa.

Kumbukirani kuti chakudya chimenechi chatenthetsedwa kale kamodzi, ndipo malangizo a ku Britain amati kutenthetsa kukhale kamodzi kokha. Njira yabwino ndi kusatenthetsa zonse poyamba: ngati mwaphika zopitirira, gawo loonjezeralo lisiyeni mufiriji kapena mufiriza, lisakhudzidwe. Mpunga umene wakhala patebulo madzulo onse utayeni.